Khadi la Mboni Imodzi

Tiwonge ndi Khumbo, ana anga, mwandifunsa kangapo chifukwa chimene ndimakanira kuti mutaye mabokosi a nsapato ali pamwamba pa kabati kuno ku Mchengautuwa. Alipo khumi ndi limodzi, ndipo mulibe nsapato m'menemo. Muli makhadi, khadi lililonse ndi liwu lake. Pano ndilemba za khadi limodzi lokha, limene linanditayitsa danga langa m'nyuzipepala. Mukamaliza kuwerenga mudziwa nokha chochita ndi enawo.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980

Ndinafika ku Mzuzu pa basi yochokera kwathu ku Nkhata Bay ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, m'chikwama muli satifiketi ya utolankhani ndi juzi imodzi. Juziyo sinakwane. Munthu wokulira kotentha sadziwa kuti dzuwa likhoza kutuluka osaoneka. Mwezi wa Juni woyambawo ndinkapita ku ntchito ngati ndikuyenda m'kati mwa thonje, mitengo ya paini ikutulukira umodziumodzi m'nkhungu n'kubisalanso. Ntchito ndinaipeza pa kampani yaing'ono yosindikiza, chakumapeto kwa Katawa, pamene nyumba zinkathera n'kuyamba mitengo. Tinkasindikiza makhadi a ukwati, ndondomeko za maliro, ndi nyuzipepala ya masamba asanu ndi atatu imene inkatuluka kawiri pa mwezi. Kampaniyo inatha kalekale, pamalopo masiku ano akugulitsapo matayala.

Mkonzi wa nyuzipepalayo anali a Msiska, bambo wamfupi, mkulu wa mpingo, amene pensulo yofiira sinkachoka kukhutu kwawo. Tsiku loyamba satifiketi yanga sanaiyang'ane n'komwe.

"Mwalowera khomo lakutsogolo, NyaLongwe?"

"Inde, adada."

"Pali masitepe angati?"

"Anayi."

"Pitani mukawerenge."

Anali asanu. Nditabwerera anandipatsa tebulo la pafupi ndi windo ndi mulu wa mapepala oti ndiwongole zolakwa, nati lamulo la m'nyumba muno ndi limodzi lokha: nkhani isalowe m'makina isanapeze mboni ziwiri, ndipo mbonizo zisakhale zoti ina inamva kwa inzake. "Mboni imodzi," anatero, "ndi mphekesera yovala taye."

Zaka ziwiri ndinawongola zolemba za anthu ena. Ndi ntchito imene imakuchititsa kuyang'ana liwu limodzi nthawi yaitali mpaka liyambe kuoneka lachilendo, ngati munthu amene wakhala naye pa benchi imodzi m'tchalitchi zaka zambiri koma sudziwa kwawo. Ndinayamba kufunsa. Liwu loti nsapato linachokera kuti? Nanga kalata, mbatata, ndege? Wansembe wina amene anakhalapo ku Mozambique anandiuza kuti nsapato, kalata ndi mbatata ndi mawu a Chipwitikizi, ndipo dalaivala wa thiraki wa ku Tete, amene wansembeyo sanamuonepo, ananena chimodzimodzi. Za ndege ndinamva kwa wogulitsa zitenje wa ku Mbeya ndi kwa mphunzitsi wa ku Karonga: pa Chiswahili ndi mbalame basi. A Msiska ataona zimenezi anandipatsa danga pansi pa tsamba lachisanu ndi chiwiri, lalikulu ngati dzanja lotambasula, ndipo tinalitcha Kumene Mawu Achokera.

Makhadi ankandidulira ndi a Gondwe, oyendetsa makina, munthu wamtali wa ku Rumphi amene zala zake sizinayerepo inki kuyambira pamene ndinawadziwa. Pepala labwino linali losowa, choncho ankadula zotsala za makhadi a ukwati ndi a maliro. N'chifukwa chake mukatembenuza khadi lililonse mupeza chidutswa cha duwa lagolide, kapena theka la dzina la munthu amene anakwatira kapena kumwalira. Kutsogolo ndinkalemba liwu, tanthauzo lake, ndi ulendo wake. Pansi ndinkajambula mizere iwiri ndi rula, wa mboni yoyamba ndi wa mboni yachiwiri. Khadi la mzere wopanda dzina silinkapita kwa a Gondwe.

Dziwani kuti ine sindinapitepo kutali kuposa Mbeya. Maulendo anga onse anali m'mabokosi amenewo. Ndikamayenda m'nkhungu m'mawa ndinkaona mawu akutsika m'ngalawa kugombe la nyanja yamchere imene sindinaionepo, akusenzedwa pamutu pamodzi ndi mikanda ndi nsalu, akugona m'midzi ya panjira, ena akufera komweko, ena akufika mpaka pakamwa pa mayi anga. Ndikafika pa masitepe asanu aja maloto ankatha, ndinkatenga pensulo.

Pakati pa zaka za m'ma 1990

A Msiska anapuma pa ntchito, kampani inagulidwa ndi a Kamwendo, munthu wa bizinesi wa kummwera, wolankhula Chichewa chosalala chimene ife tinkachimva pa wailesi pokha. Sanali munthu woipa. Inali nthawi imene nyuzipepala zatsopano zinkamera ngati bowa, ndipo pepala losindikizira linkasowa mwezi wathunthu. Masamba athu anatsika kuchoka pa asanu ndi atatu kufika pa asanu ndi limodzi. Tsiku lina anandiitana mu ofesi, nyuzipepala ataiyala patebulo, chala chili pa danga langa.

"Mayi Longwe, zimenezi amawerenga ndani?"

"Aphunzitsi amawerenga, bwana."

"Aphunzitsi amabwereka nyuzipepala, sagula. Pamalo pano pakwana wogulitsa feteleza. Ndikupatsani maulendo atatu. Makalata a owerenga akapanda kubwera, mubwerere ku pensulo yanu yofiira."

Ulendo woyamba ndinalemba za galimoto. Kunabwera kalata imodzi, yodandaula za msewu wa ku Masasa. Ulendo wachiwiri ndinalemba za sopo, ndipo sikunabwere kanthu.

Nthawi yomweyo a Kamwendo anagula makina ena osindikizira, ogwiritsidwapo kale ntchito, kudzera kwa wamalonda wa ku Dar es Salaam. Makinawo anafika m'mabokosi a matabwa pamodzi ndi munthu woti awalumikize. Dzina lake linali Wichai, wa ku Thailand, wa zaka za m'ma makumi anayi, wochepa thupi, wolankhula motsitsa. Atamasula mabokosi anapeza kuti chogudubuza chimodzi cha mphira palibe, ndipo anayenera kuchidikira. Anadikira masabata asanu ndi awiri. Ankabwera m'mawa uliwonse atavala jekete ziwiri, n'kupukuta makina oyera kale, kenako n'kukhala pakhonde lakuseri kuyang'ana mitengo. A Gondwe anamuphunzitsa kunena monire ndi yewo chomene, moni ndi zikomo kwambiri m'Chitumbuka, ndipo iye ankanena mawuwo atagundanitsa zikhato pachifuwa, mutu ataweramitsa, moti amayi ogulitsa nthochi pageti ankayesa ndi m'busa.

Kuseri kwa nyumbayo kunali mtengo wa magwafa, ndipo apusi ankabwera kudzaba. M'mawa wina pa nthawi ya tiyi, nkhungu isanachoke, tinamva nthambi zikugwedezeka kenako tinaona timichira tikulendewera.

"Zafika mbwengu zanu, amama," anatero a Gondwe, kutchula apusiwo m'Chitumbuka. "Zija mumati muzilembera khadi."

A Wichai analoza m'mwamba ndi kapu. "Ling," anatero.

Ndinathamangira m'nyumba kukatenga khadi. Chingerezi chake chinali chochepa, changa cha m'mabuku, koma pensulo inatithandiza. Anajambula nyama ziwiri, ina ya mchira, ina yopanda. Anati zonse kwawo akhoza kuzitcha ling, koma kwa yachiwiriyo amawonjeza kuti yopanda mchira. Anati m'nkhalango za kwawo muli ina ya manja aatali, yopanda mchira, yosakonda kutsika pansi, imene imaimba m'bandakucha ngati munthu woitana mnzake kutsidya kwa chigwa. Ndinamufunsa funso langa la masiku onse: liwulo linachokera kuti?

Anagwira kapu ndi manja onse awiri. Kenako anati amayi ake anamuuza. Kwawo, anatero, mwana wakhanda amamuveka kachibangili ka mabelu ang'onoang'ono kumwendo, kuti akayamba kukwawa amake azimva kumene ali. Kalekale mayi wina anagoneka mwana wake pamthunzi m'mphepete mwa munda wa mpunga. Atabwerako anapeza nsalu yokha. Anafuna m'madzi, anafuna m'udzu, osamupeza. M'mawa mwake anamva kabelu m'mwamba mwa mitengo, kakulira ling, ling, ling, kakuchoka mtengo uwu kupita uwo. Nyama za manja aatali zija zinali zitamutenga mwanayo, ndipo sizinamupweteke, zinkamulera. Mayiyo sanamuonenso, koma m'mawa uliwonse ankaima pamalire a munda n'kumva kabelu, n'kudziwa kuti mwana wadzuka bwino. Anthu akamufunsa chimene akumvetsera, ankangoti ling. Ndipo dzina la nyamazo linakhala lomwelo.

Atamaliza, apusi anali atapita, gwafa lodyedwa theka linagwa pa malata. Ine sindinalinso ku Katawa. Ndinali pa munda wa mpunga umene sindinauonepo, madzi akufika m'akakolo, ndikuyang'ana m'mwamba. A Gondwe ndiwo anandidzutsa.

"Tiyi wazizira, amama. Ndipo pensulo mwaiviika m'kapu."

Ndinalemba dzina la a Wichai pa mzere woyamba. Wachiwiri unali vuto, chifukwa mu Mzuzu monse munalibe munthu wina wa ku Thailand. Ndinamufotokozera lamulo la a Msiska, ndipo anaseka pang'ono, nati ali ndi mlongo wake wamkulu amene amaphunzitsa chinenero chawo ku sekondale ndipo amadziwa Chingerezi. Anandilembera adiresi. Masana omwewo ndinapita ku positi ofesi kukaponya kalata. Ndinkadziwa bwino kuti mlongo ndi wa nyumba imodzi, koma ndinadziuza kuti mphunzitsi ali ndi mabuku, ndipo mabuku si a nyumba imodzi.

Kalata yopita kutali chotero inkatenga masabata, yankho masabata enanso. Ulendo wanga wachitatu unali utatsala masiku asanu ndi anayi. Ndinali ndi khadi lina lokwanira bwino, la liwu loti fodya, mboni zake ziwiri. Ndinaliika pambali pa la ling n'kuyang'ana onse awiri masiku atatu. Tsiku lachinayi ndinalemba nkhani ya kabelu, osati monga nthano ya munthu mmodzi, koma monga mmene ndinkalembera zonse: liwu ili linachokera apa. Nditapereka pepala ndi khadi lake kwa a Gondwe, analitembenuza uku ndi uku.

"Amama, mzere wachiwiri uli mbee."

"Mboni ili m'njira, a Gondwe."

"Yakwera basi yanji?"

Anandiyang'ana pang'ono, napukuta zala pa ovolosi, n'kupita ku makina.

Miyezi yotsatira

Makalata anabwera. Sindinawawerenge kuti analipo angati, koma wotenga makalata ku positi anayamba kupita ndi jumbo. Aphunzitsi analemba kuti awerengera ana m'kalasi. M'busa wina anapempha chilolezo choti aigwiritse ntchito pa ulaliki. Kalata imene ndimaikumbukira ndi ya mayi wa ku Masasa, yolembedwa pa pepala la m'kope, amene mwana wake anamwalira ndi malungo ali ndi miyezi khumi. Analemba kuti chiwerengere nkhaniyo, m'mawa amatsegula windo. A Kamwendo anakulitsa danga langa kufika theka la tsamba, nayamba kunditcha mlembi wathu pamaso pa alendo. Chogudubuza chija chinafika, makina analira, a Wichai anatenga nyuzipepala zitatu ngakhale sakanatha kuziwerenga. Anaona liwu la kwawo pakati pa mawu athu, naliyika chala, nati yewo chomene. Ananyamuka Lachiwiri pa basi ya ku Karonga, jekete imodzi anasiyira a Gondwe.

Yankho linafika mvula itayamba, pa pepala lopyapyala labuluu, zilembo zake zoongoka ngati za mphunzitsi aliyense padziko. Ndinaliwerengera pakhonde lakuseri. Mlongo wa a Wichai analemba mwaulemu ndi mosazungulira. Anati liwu loti ling silinachokere ku belu. Ndi liwu lakale kwambiri, limene makolo awo anali nalo kalekale asanagawikane mitundu, ndipo n'chifukwa chake anthu a ku Laos ndi Ashani a ku Burma ali ndi liwu lofanana nalo. Kuseri kwa pamenepo, anati, iye sadziwa, ndipo mabuku ake sanena. Anawonjeza kuti pali liwu lina la m'mabuku ndi m'ndakatulo, wanon, limene analibwereka ku Chisansikiriti cha ku India. Zonsezi zinakwana theka la pepala.

Theka linalo linali la nyumba yawo. Anati iwo anali ndi mng'ono, wobadwa pambuyo pa Wichai, amene anamwalira asanayambe kuyenda. Wichai anali ndi zaka zisanu, ndipo masiku ambiri ankafunafuna mwanayo m'nyumba monse, pansi pa mphasa, kuseri kwa mitsuko, akukana kudya. Amayi awo anapeka nkhani ya kabelu kuti asiye kufuna. Palibe nyumba ina ku Thailand imene imaidziwa. "Sindidziwa ngati mlongo wanga amaikhulupirirabe," analemba motero, "ndipo sindinamufunsepo. Za liwu lembani zoona. Za mwana wathu chonde musalembe."

Ndinapinda kalatayo n'kuiika m'thumba la juzi, ndipo inakhala m'menemo sabata yathunthu. Ndinaganiza zonse zimene inunso mukuganiza. Palibe munthu kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje amene akanadziwa. Nkhaniyo sinapweteke munthu, ena inawachiritsa. Inu munali aang'ono, Tiwonge ali sitandade 2, Khumbo kumsana, ndipo ine kwa nthawi yoyamba ndinali munthu amene akalowa m'sitolo wina amanong'oneza mnzake kuti ndi aja olemba aja.

Loweruka ndinapita ku Masasa kwa a Msiska. Ndinawapeza akumangirira nyemba pa timitengo, pensulo yofiira idakali kukhutu ngakhale panalibe chowongola. Tinakhala pansi pa nthochi, ndinawawerengera theka loyamba la kalata, ndipo lachiwiri ndinangoti ndi la banja.

"Nkhani ija ndinaiwerenga," anatero. "Inali yokoma chomene. Ndinadabwa kuti mboni yachiwiri mwaipeza kuti mu Mzuzu muno."

"Panalibe, adada."

"Ehe." Anabudula tsamba louma la nthochi nayamba kuling'amba timizere. "Ndani wina akudziwa za kalatayi?"

"Palibe."

"Angadziwe ndani mawa?"

"Palibe."

"Ndiye mwavutikiranji kukwera phiri lonseli, NyaLongwe? Nyemba sizinakhwime."

Sananenenso china pa nkhaniyo. Anandifunsa za ana, anandipatsa phava la nthochi, nandiperekeza mpaka pamsewu. Tikusiyana anandifunsa kuti pakhomo pawo pali masitepe angati. Ndinati atatu, ndipo wapakati ndi wosweka kumanzere. Anagwedeza mutu n'kubwerera.

Lolemba ndinalowa mu ofesi ya a Kamwendo ndi pepala la ndime imodzi. Analiwerenga kawiri.

"Mayi Longwe, mwadwala?"

"Ayi, bwana. Ndinalakwitsa, ndikukonza."

"Wadandaula ndani?"

"Palibe."

"Ndiye mukukonza chiyani? Anthu analira ndi nkhani imeneyi. Mkazi wanga analira. Mukufuna muwauze kuti analira pachabe?" Anavula magalasi. "Tsono nenani chifukwa chake mzungu wanu uja anakunamizani. Anthu amakhululuka akamva chifukwa."

"Si mzungu, bwana, ndipo sananame. Chifukwa chake sindingalembe."

"Ndiye aziti munapeka ndinu."

"Aziti choncho."

Anagogoda tebulo ndi magalasi aja. Kenako ananena mosakweza mawu kuti nyuzipepala ndi yake, koma dzina lili pansi pa dangalo ndi langa, ndipo sangandiletse kuchapa dzina langa. Koma danga limene anthu aleka kulikhulupirira iye sangaliwonongere pepala. Ndime yangayo ikatuluka, ikhala yomaliza. Anandipatsa mpaka Lachitatu kuti ndiganize. Ndinati Lachitatu ndi kutali, ndinatenga pepalalo n'kupita nalo kwa a Gondwe.

Ndimeyo inali yaifupi. Inati liwu la Chithai loti ling silinachokere ku kulira kwa belu, ndi liwu lakale la makolo awo, lopezekanso m'zinenero za abale awo oyandikana nawo. Inati nkhani ya kabelu ndi nthano ya m'nyumba imodzi, si mbiri ya liwu, ndipo ine ndinaisindikiza ndi mboni imodzi, kuphwanya lamulo la danga lino. Inati kulakwa ndi kwanga, si kwa amene anandifotokozera. A Gondwe anaiwerenga milomo ikuyenda.

"Basi ija yafika, amama?"

"Yafika."

"Koma yabwera ndi katundu wina."

Anaiika m'zilembo zazikulupo kuposa zimene a Kamwendo analamula. Ulendo wotsatira pamalopo panali thumba la feteleza lojambulidwa likumwetulira.

Kunabwera makalata atatu. Ina inati ndine wabodza, ina inafunsa ngati za nsapato zinalinso zopeka, ndipo imeneyo ndi imene inandiwawa. Yachitatu inali ya mayi wa ku Masasa uja, mzere umodzi wokha: "Zikomo pondiuza, koma windo ndizitsegulabe." Ndinabwerera pa tebulo la pafupi ndi windo, ndipo ndinawongola ndondomeko za maliro ndi makhadi a ukwati zaka zina khumi ndi zisanu ndi chimodzi mpaka kampani inatsekedwa. Makhadi sindinasiye kulemba. Mabokosi asanu ndi awiri mwa khumi ndi limodzi aja ndi a mawu amene sanasindikizidwepo, onse a mboni ziwiriziwiri. A Wichai sindinamvenso za iwo. Mlongo wawo ndinamuyankha kuti ndachita monga anapempha, ndipo nyuzipepala ya ndime ija sindinatumize.

Chaka chatha

Khumbo, udzakumbuka tsiku lija ndinakupempha kuti ufufuze liwu lachilendo pa foni yako tikudikira minibasi. Sipanathe mphindi, unandiwerengera: liwu lakale la makolo a Athai, lofanana ndi la ku Laos, ndi lina la Chisansikiriti. Unadabwa kuti ndikusekeranji. Ndinkaseka masabata amene ndinadikira pepala labuluu lija. Nditafika kunyumba ndinalemba khadi latsopano la ling, pa mzere woyamba mlongo wa a Wichai, pa wachiwiri dikishonale ya pa foni. Khadi limenelo ndi lokwanira, lili m'bokosi lachitatu. Lakale lija ndinalisiya kumbuyo kwake.

Patapita miyezi iwiri kunagwa maliro a mwana wakhanda kuno ku Mchengautuwa, nyumba yachinayi kuchokera pa mjigo. Masana, nyimbo zitaduka, tinakhala amayi okhaokha m'chipinda ndi mayi wa mwanayo, mtsikana wamng'ono amene anali asanalankhule chiyambire dzulo lake. Mchemwali wa wakhandayo, wa zaka zinayi, ankangolowa ndi kutuluka, akusuzumira pansi pa bedi. Mayi wina wa mpingo wathu, wamng'ono kwa ine ndi zaka makumi awiri, anamukoka mwanayo namukhazika pamiyendo, nayamba kumufotokozera m'Chitumbuka. Anati kalekale m'nkhalango ya Viphya mayi wina anagoneka mwana wake m'mphepete mwa munda wa mbatata, kumwendo atamumanga kabelu. Mpunga unali utasanduka mbatata, nyama za manja aatali zitasanduka mbwengu, Thailand munalibemo, liwu lija munalibemo. Koma kabelu kanali komweko, kakuchoka mtengo uwu kupita uwo. Mwana uja anasiya kusuzumira pansi pa bedi. Anafunsa ngati kabeluko kamamveka mvula ikamagwa, ndipo mayiyo anati kamamveka, koma uyenera kukhala chete kwambiri.

Potuluka ndinamufunsa mayiyo kumene anaimva nkhaniyo.

"Ya kale chomene, amama. Aphunzitsi athu anatiwerengera tili sitandade 5. Amati ndi ya makolo."

M'Baibulo langa, limene linali m'chikwama, munali chidutswa cha nyuzipepala cha ndime ija, chimene ndayenda nacho zaka zonsezi. Ndinagwira zipi ya chikwama. Koma mayiyo sananene kuti liwu lililonse linachokera kulikonse, choncho panalibe chowongola. Ndinangoti yewo, n'kupita kukathandiza kutsuka mbale.

M'mawa mwake ndinatsitsa bokosi lachitatu ndi kutulutsa khadi lakale. Kumbuyo kwake kuli theka la nkhunda yagolide ndi mawu oti mukuitanidwa, dzina la mkwati linadulidwa. Kunja kunali nkhungu ngati ya Juni woyamba uja. Ndinatsegula windo, ndinanola pensulo, ndipo ndinafika poika nsonga yake pa mzere wachiwiri, kuti ndilembe dzina la mayi wa mpingo uja. Munthu wina, wa mtundu wina, wa chinenero china, ananena nkhani yomweyo patapita zaka makumi atatu. Koma iye anamva kwa mphunzitsi, mphunzitsi anawerenga kwa ine, ine ndinamva kwa a Wichai, ndipo a Wichai anamva kwa mayi mmodzi amene mwana wake ankakana kudya. Mboni ndi imodzi yomwe ija.

Mabokosi enawo muchite nawo mmene mungaonere. Mukhoza kupereka ku sukulu, zonse zili m'menemo ndi zoona. Khadi ili lokha musunge m'nyumba, ndipo mzere wachiwiriwo musalembepo kanthu.